Musanagule Ampulifaya ya Mavalavu Yogwiritsidwa Kale Ntchito

Pakati pa katundu wobwera m'makontena kuchokera ku Ulaya ndi ku America, komanso amene abale athu amabwera naye kuchokera ku Joni, nthawi zina pamapezeka bokosi lolemera modabwitsa, lokhala ndi sipika kutsogolo ndi timabotolo tagalasi toyaka kumbuyo. Imeneyo ndi ampulifaya ya gitala ya mavalavu, imene ena amati ya machubu. Oimba gitala amaifunafuna chifukwa cha kamvekedwe kake, ndipo popeza yatsopano ndi yodula kwambiri, ambiri a ife maso amakhala pa yogwiritsidwa kale ntchito. Palibe cholakwika pamenepo, pakuti alipo maampulifaya opangidwa zaka 60 zapitazo amene akuimbabe mpaka lero. Komabe chipangizo chimenechi chikhoza kumeza ndalama zonse zimene gulu loimba lasonkha chaka chathunthu, ndipo mawaya ake akakhala olakwika chikhoza kupha munthu.

Pafupifupi ampulifaya yakale iliyonse ili ndi kena kake kofuna kukonza. Choncho poiyendera tisamafunse kuti, "Kodi ili ndi vuto?" Tizifunsa kuti, "Kodi vutolo lili pati?" Galimoto yotha matayala timagula, n'kupempha kuti atichotsereko mtengo. Galimoto yakufa injini timaisiya. Ampulifaya nayonso ili ndi matayala ake ndi injini yake, ndipo wogula wanzeru ndi amene amazisiyanitsa.

Zimene zili m'bokosimo

Valavu ndi kabotolo kagalasi kamene anapopamo mpweya wonse. M'kati mwake muli kawaya kotenthetsa kachitsulo, ndipo kachitsuloko kakatentha kamatulutsa ma elekitironi amene amathamangira pa kambale kena kachitsulo. Pakati pa ziwirizi pali kaukonde ka waya. Mphamvu yochepa zedi yochokera ku gitala ikafika pa kaukondeko imalamulira magetsi ambiri odutsa m'valavumo, monga mmene dzanja limodzi pampopi limalamulira madzi a m'thanki yonse. Amene anatulukira njira imeneyi ndi Lee de Forest wa ku America m'chaka cha 1906. Thiranzisita itatulukiridwa mu 1947, opanga mawailesi anasiya mavalavu pang'onopang'ono, koma oimba gitala anawakakamira. Chifukwa chake n'chakuti valavu ikapatsidwa mawu oposa mphamvu yake siwadula mwadzidzidzi. Imawafinya mofewa, ndipo khutu limamva kukoma.

Mayina amene timawaona kawirikawiri anayamba kale. Leo Fender anakhazikitsa kampani yake ku Fullerton, m'chigawo cha California, mu 1946. Vox AC30 inatuluka ku England mu 1959, ndipo Jim Marshall anayamba kupanga ake ku London mu 1962, potengera Fender Bassman. Ngakhale mayina ndi osiyana, zam'kati n'zofanana. Muli mavalavu aang'ono, kawirikawiri a nambala 12AX7, imene ku Ulaya amailemba ECC83, amene amalandira mawu a gitala ndi kuwakonza. Muli mavalavu aakulu monga 6L6, 6V6, EL34 kapena EL84, amene amapereka mphamvu. Muli makapasita osefa magetsi, sipika, ndi mathiransifoma awiri akuluakulu. Thiransifoma yoyamba imalandira magetsi a pakhoma, ndipo yachiwiri imalumikiza mavalavu aakulu ku sipika. Mavalavu ndi makapasita ndiwo matayala. Mathiransifoma awiriwo ndiwo injini.

Thiransifoma yoyamba ija imakweza magetsi, moti m'kati mwa maampulifaya ambiri mumakhala mavolti 300 mpaka 500. Makapasita amatha kusunga mphamvu imeneyi ngakhale mutazimitsa ndi kuzula pulagi. Pachifukwa chimenechi, zonse zimene tikufotokoza pano n'zochita ndi maso, mphuno ndi makutu. Kumasula bokosi lachitsulo limene muli mawaya ndi ntchito ya mmisiri wodziwa.

Kodi ndi ya mavalavu zoona?

Alipo maampulifaya amene ali ndi valavu imodzi yaing'ono, koma mphamvu yonse imachokera ku mathiranzisita. Marshall Valvestate ndi Vox Valvetronix ndi zitsanzo zake. Si oipa ayi, koma mtengo wake suyenera kufanana ndi wa ampulifaya ya mavalavu okhaokha. Suzumirani kumbuyo ndi tochi. Ngati simukuona valavu yaikulu ngakhale imodzi, ndipo thiransifoma yaikulu ndi imodzi yokha, musalipire mtengo wa ya mavalavu.

Ganiziraninso za kukula kwake. Ambiri timaganiza kuti ya mawati 100 imafuula kawiri kuposa ya mawati 50, koma khutu la munthu silimva choncho. Kuti phokoso limveke ngati lawirikiza kawiri, mphamvu iyenera kuwirikiza pafupifupi kakhumi. Ya mawati 15, monga Fender Blues Junior, kapena ya mawati 22, monga Deluxe Reverb, imakwanira m'holo ya pasukulu kapena m'tchalitchi, makamaka mukaika maikolofoni kutsogolo kwa sipika. Twin Reverb ya mawati 85 imalemera pafupifupi makilogalamu 30, ili ndi mavalavu aakulu anayi oti muzidzagula, ndipo wokwera nayo minibasi amaikumbukira mlungu wonse.

Magetsi a kwawo ndi magetsi a kwathu

Musanalowetse pulagi pakhoma, werengani zolembedwa kumbuyo pafupi ndi pamene waya wa magetsi walowera. Ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain magetsi a m'nyumba ndi mavolti 230. Ku United States ndi ku Canada ndi 120, ndipo ku Japan ndi 100. Ampulifaya ya 120 ikalumikizidwa ku 230, mwayi ukakhalapo imaphulika ndi fyuzi yokha. Mwayi ukasowa, thiransifoma imapsa. Musapusitsidwe ndi pulagi ya mano atatu yonga yathu, chifukwa aliyense akhoza kudula pulagi ya ku America n'kumangirira ina. Zolembedwa pachitsulo ndizo zimanena zoona. Maampulifaya ena ali ndi kosinthira magetsi kumbuyo. Onetsetsani kuti kaloza pa 230 kapena 240.

Ya 120 ikhoza kugwira ntchito kuno ndi thiransifoma yapadera yotsitsa magetsi, koma mtengo wa thiransifomayo muuphatikize pa mtengo wogulira. Poisankha musawerengere mawati a mawu. Deluxe Reverb imatulutsa mawati 22 a mawu koma imakoka pafupifupi mawati 100 pakhoma, chifukwa mphamvu yambiri imathera potenthetsa mavalavu. Dziwaninso kuti magetsi a ku America ndi a 60 Hz pamene athu ndi a 50 Hz, ndipo thiransifoma yopangidwira 60 Hz imatentha mowonjezereka ikamagwira ntchito kuno. Funsani wogulitsa mmene wakhala akuiyatsira. Akanena kuti inangophulitsa fyuzi kamodzi tsiku limene inafika, chenjerani.

Waya wachitatu

Maampulifaya ambiri akale a ku America, makamaka a zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anatuluka ndi waya wa magetsi wa mitsempha iwiri yokha, wopanda wachitatu umene amisiri amati earth. M'malo mwake anaikamo kapasita yolumikiza magetsi a pakhoma ku bokosi lachitsulo, pofuna kuchepetsa kulira. Kapasita imeneyo ikaonongeka, magetsi amafika pabokosi. Tsono nsambo za gitala zimalumikizana ndi bokosilo kudzera m'chingwe cha gitala, kutanthauza kuti magetsiwo amafika m'manja mwa woimba. Woimbayo akakhudza maikolofoni ndi milomo, kapena akaponda pasimenti yonyowa opanda nsapato, thupi lake limasanduka njira ya magetsi.

Zoterezi zinachitikapo. Mu 1972 Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pansanja ku Swansea atagwidwa ndi magetsi pokhudza maikolofoni. Mu 1976 Keith Relf, amene ankaimba m'gulu la Yardbirds, anafa m'nyumba mwake atagwidwa ndi magetsi akuimba gitala. Vuto la waya wachitatu limakonzeka mosavuta ndiponso motchipa: mmisiri amachotsa kapasita ija n'kuika waya wa mitsempha itatu. Si chifukwa chokanira kugula, koma ndi ntchito yoyamba kuchitika munthu aliyense asanaimbire ampulifayayo. Wogulitsa akanena kuti "imangoluma pang'ono," musaiyese ndi gitala m'manja.

Yang'anani musanayatse

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikopa chong'ambika, chogwirira chothothoka ndi nsalu yakutsogolo yothimbirira n'zothandiza potsitsa mtengo basi, ndipo bokosi lonyezimira silitsimikizira kanthu. Tembenuzani ampulifaya, muunike kumbuyo.

Yambani ndi mphuno. Fungo la fumbi lotentha ndi la masiku onse, koma fungo la waya wopserera kapena la phula lotentha limachokera ku thiransifoma imene inapsapo. Onani ngati pansi pa mathiransifoma pali zinthu zakuda kapena zonga sera zimene zinasungunuka n'kuyenderera. Dzimbiri lochepa pamwamba silivuta, koma dzimbiri lochindikala, thabwa lotupa ndi nkhungu zimasonyeza kuti bokosilo linakhala pachinyezi kapena linalowa madzi. Ndowe za makoswe ndi za mphemvu zimasonyeza kuti mawaya a m'kati akhoza kukhala odyedwa.

Kenaka, pulagi ili yozula, tulutsani fyuzi. Nambala yake ifanane ndi yolembedwa pafupi ndi pamene imakhala. Mukapeza fyuzi yaikulu kuposa yolembedwayo, kapena yokulungidwa ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, dziwani kuti fyuzi yoyenera inkaphulika ndipo wina anaitseka pakamwa m'malo mofufuza chifukwa chake. Pamenepo thiransifoma yakhala ikugwira ntchito popanda chitetezo.

Mavalavu nawonso amalankhula. M'kati mwa galasi la valavu yabwino muli banga lonyezimira ngati kalilole, lasiliva kapena lakuderako. Banga limenelo likasanduka loyera ngati ufa, ndiye kuti galasi lili ndi mng'alu, mpweya walowa, ndipo valavuyo yafa. Onani ngati mavalavu aakulu ali a nambala imodzi, komanso ngati ndi nambala imene ampulifayayo imafuna. Maampulifaya ambiri a Fender ali ndi pepala lomatidwa m'kati mwa bokosi losonyeza valavu yoyenera pamalo alionse.

Chomaliza musanayatse: tsimikizani kuti sipika ndi yolumikizidwa. Ampulifaya ya mavalavu siyatsidwa popanda sipika. Mphamvu ikasowa kopita imabwerera m'thiransifoma yachiwiri ija n'kuboola zotchinga za mawaya ake. Ngati ampulifaya ndi yosiyana bokosi ndi sipika, onani kuti ma ohm akugwirizana, 8 kwa 8 kapena 16 kwa 16. Mukaona wogulitsa akuiyatsa popanda sipika kuti akuonetseni kuti "ikuyaka," dzifunseni kuti wachita zimenezo kangati.

Yatsani, mvetserani

Pitani ndi gitala ndi chingwe zimene mumazidziwa, kuti phokoso lililonse lachilendo mudziwe kuti likuchokera mu ampulifaya. Ngati pali switchi yolembedwa Standby, yatsani ya Power kaye, dikirani pafupifupi mphindi imodzi kuti mavalavu atenthe, kenaka mutsegule ya Standby.

Poyamba musalumikize gitala. Tsitsani voliyumu mpaka pa ziro n'kumvetsera. Kaphokoso kochepa konga ka mphepo n'kachibadwa. Kulira kwa "mmmm" kokulirapo kumene sikusintha ngakhale voliyumu ili pa ziro kawirikawiri kumachokera ku makapasita okalamba. Pamagetsi athu kulira kumeneku kumakhala kwa 100 Hz, pafupi kwambiri ndi noti ya G imene mumaipeza pa fureti yachitatu ya nsambo yonenepa. Mukamva noti imeneyo ikudziimba yokha, werengerani mtengo wa makapasita atsopano. Makapasita amenewa ali ndi mankhwala onyowa m'kati amene amauma ndi zaka, ndipo amaonongeka msanga ampulifaya ikangokhala osayatsidwa. Choncho mawu akuti "yakhala zaka khumi m'sitolo osaigwira" asakusangalatseni. Yotereyo iyatsidwe koyamba ndi mmisiri, amene amakweza magetsi pang'onopang'ono.

Potokolani nobu iliyonse kuchokera koyambira mpaka kumapeto. Kukhwekhwereza ndi fumbi chabe ndipo kumatha poyeretsa. Kenaka tengani pensulo yathabwa, mugogode pang'ono galasi la valavu yaing'ono iliyonse. Musagwire ndi zala, chifukwa mavalavu amaotcha. Mukamva kulira konga kwa belu kapena likhweru mu sipika, valavu imeneyo yayamba kumva kugwedezeka ndipo ifunika kusintha. Limeneli ndi vuto laling'ono.

Tsopano yang'anani mavalavu aakulu pamalo amdima. Kuwala kwa kawaya kofiirira pakati ndi kwabwino, ndipo kuwala kochepa kobiriwira ngati thambo pagalasi sikuvuta. Choopsa ndi pamene kambale kotuwa ka m'kati kayamba kufiira ngati khala la moto. Pamenepo valavu ikudutsitsa magetsi oposa muyeso, ndipo ikhoza kufa n'kutengera thiransifoma kumanda. Zimitsani nthawi yomweyo.

Zonse zikakhala bwino, lumikizani gitala. Imbani motsitsa, kenaka mokweza ndithu, chifukwa mavuto ambiri amabisala voliyumu ikakhala pansi. Imbani manoti otsika amodziamodzi n'kuwasiya alire mpaka atazirala. Kukanda kapena kunjenjemera kumene kumatsatira noti kumasonyeza sipika yong'ambika kapena yokhula m'kati, ngakhale nthawi zina ndi sikuluwu yomasuka chabe. Yesani bowo lililonse lolowetsera gitala, tchanelo iliyonse, reverb, tremolo ndi switchi yopondera ngati ilipo.

Musafulumire. Imbani kwa mphindi 30 kapena kupitirira, chifukwa malo olumikizira amene nsomba yake inang'aluka amayamba kuvuta akatentha. Mawu ozimirira n'kubwereranso, kuthetheka, kapena mphamvu yotsika pakapita nthawi, zonsezi sizioneka m'mphindi zisanu zoyambirira. Ampulifaya ya mawati 30 imene ikumveka yopyapyala ndi yofooka ngati kawailesi ka m'thumba ikhoza kukhala ndi mavalavu otha, koma ikhozanso kukhala ndi thiransifoma yachiwiri yoonongeka. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna mmisiri, ndipo musalipire asanaione. Mukatha, zimitsani, zulani pulagi, n'kuyandikitsa dzanja pa thiransifoma yoyamba. Kufunda n'kwachibadwa. Kutentha kosagwirika kophatikizana ndi fungo ndi chizindikiro choipa.

Mtengo weniweni

Mtengo weniweni wa ampulifaya yakale ndi umene wogulitsa watchula, kuphatikiza wa zonse zofuna kusintha, wa mmisiri, ndi woitanitsira zipangizo kuchokera kunja. Mavalavu sapangidwa mu Africa muno. Mafakitale akuluakulu amene atsala ali ku Slovakia, kumene kuli JJ Electronic, ku Saratov m'dziko la Russia, kumene kumachokera a Sovtek ndi Electro-Harmonix, ndi ku China. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mavalavu anasowa m'masitolo ambiri padziko lonse ndipo mitengo inakwera. Ife timawaitanitsa kudzera ku South Africa kapena ku Britain, ndi ndalama zakunja, ndipo ndi agalasi oti akhoza kusweka panjira.

Mavalavu aang'ono amakhala zaka zambiri. Aakulu amatha msanga, makamaka ngati ampulifaya ikuimba mokweza mlungu uliwonse, ndipo amagulidwa awiriawiri kapena anayianayi oyezedwa kuti afanane mphamvu. M'maampulifaya ambiri, mukasintha mavalavu aakulu mmisiri amayenera kuyeza ndi kukonza kuchuluka kwa magetsi odutsamo, zimene amati bias. Ena, monga Vox AC30 ndi Fender Champ, amadzikonzera okha, ndipo kwa munthu wokhala kutali ndi mmisiri umenewo ndi mwayi.

Mavalavu, makapasita, manobu, waya wa magetsi, ngakhale sipika, zonsezi zimasinthika, ndipo ndi zifukwa zabwino zokambirana mtengo. Thiransifoma yopsa ndi nkhani ina. Ndi yolemera, yodula kuitanitsa, ndipo iyenera kukhala ya mtundu womwewo. Ena amazikulunganso mawaya, koma yachiwiri ija imakulungidwa mwaluso lapadera, ndipo ikalakwika kamvekedwe kamene munagulira ampulifayayo kamatayika. Thawaninso ampulifaya imene mmisiri wanu akaitsegula apeza thabwa la mawaya lopserera, kapena mawaya odulidwadulidwa ndi anthu ambiri osadziwika.

Mmisiriyo mumupeze musanagule. Okonza mafoni ndi mawailesi ambiri a masiku ano anaphunzira za mathiranzisita, ndipo sanagwirepo chipangizo cha mavolti 450. Funsani oimba akale, amisiri a kunyumba zoulutsira mawu ndi aphunzitsi a zamagetsi kuti akulozereni wodziwa mavalavu.

Zaka zake ndi mwini wake

Wogulitsa akanena kuti ampulifaya ndi ya m'ma 1960, pali njira yotsimikizira. Zipangizo za ku America za nthawi imeneyo zinkadindidwa nambala yosonyeza wopanga ndi nthawi. Pa sipika, 220 ndi Jensen ndipo 465 ndi Oxford. Pa thiransifoma, 606 ndi Schumacher. Kumbuyo kwa manobu, kumene mmisiri yekha angaone, 137 ndi CTS, moti nambala yonga 1376512 imatanthauza CTS, chaka cha 1965, mlungu wa 12. Fender, Vox ndi Marshall akhala akupanganso mitundu yawo yakale m'zaka zaposachedwa, yofanana maonekedwe ndi yoyambirira. Ndi yabwino, koma si ya mtengo wa yakale yeniyeni.

Onaninso nambala ya ampulifayayo. Ikakhala yofufutidwa kapena yopalidwa, siyani, pakuti zida zoimbira zimabedwa m'matchalitchi ndi m'masukulu, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu. Funsani kumene inachokera. Musatumize ndalama pafoni chifukwa cha chithunzi kapena kanema. Mukagwirizana, lemberanani kalata yokhala ndi dzina la ampulifaya, nambala yake, mtengo, tsiku ndi mboni. Ngati ndalama ndi za gulu kapena za mpingo, kalata imeneyi imatetezanso amene watumidwa kukagula.

Tsiku lokagula, nyamulani gitala, zingwe ziwiri, tochi ndi pensulo, ndipo mutenge mnzanu wodziwa kumvetsera. Uzani wogulitsa pasadakhale kuti mudzafuna ola lathunthu pamalo a magetsi odalirika. Wokana zimenezi wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa. Ndipo ngati mutawerengera zonse mwapeza kuti mmisiri ali kutali kapena thumba silikwanira mavalavu atsopano, musachite manyazi kugula ya mathiranzisita. Roland JC-120, imene inatuluka mu 1975, ilibe valavu ngakhale imodzi, koma akatswiri akuiimbirabe pansanja zikuluzikulu mpaka lero.